Mame Amene Sanakamuke: Ulendo wa ku Mazara



Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ndinakula nawo ndipo sindinaukayikirepo kufikira mwezi wa Okotobala chaka cha 2024, pamene Allah anandipatsa mwayi wokhala masiku 9 mu mzinda wa asodzi wotchedwa Mazara del Vallo, pa chilumba cha Sicily m'dziko la Italy. Kumeneko ndinapeza alendo amene anachoka kwawo ndi kachikwama kamodzi, atatsanzika amayi awo kuti abwera pakatha zaka ziwiri, koma lero imvi zili mbuu ndipo zidzukulu zawo zikuyankhula Chitaliyana.

Chaka chimenecho ndinali ku Tunisia kumaphunziro a miyezi itatu a kaphunzitsidwe ka Chiarabu. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wa ku Mahdia, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa dzikolo. Iyeyu anabadwira ku Mazara, koma ali ndi zaka 11 makolo ake anamutumiza kwa agogo ake ku Mahdia kuti akapitirize sukulu kwawo. Maphunziro atatha anandipempha kuti ndimuperekeze kukaona makolo akewo. Chitupa cholowera m'dziko la Italy chinanditengera masabata angapo, pamene mnzangayo anangonyamula chikwama ngati munthu wopita kumudzi.

Tinakwera sitima pa doko la La Goulette pafupi ndi mzinda wa Tunis. Inali sitima yaikulu kuposa Ilala kangapo, yonyamula anthu ndi magalimoto omwe. Tinayenda maola oposa 10 mpaka ku Palermo, likulu la Sicily, ndipo kuchoka pamenepo basi inatitengera maola ngati awiri kukafika ku Mazara.

Mzinda wa pakamwa pa mtsinje

Mazara ndi mzinda wa anthu pafupifupi 50,000. Unamangidwa pamene mtsinje wa Mazaro umathira m'nyanja ya Mediterranean, ndipo mtsinjewo ndiwo doko lakale la asodzi. Mbali zonse ziwiri mwandandalika maboti achitsulo okoka khoka, ofanana ndi aja a Maldeco koma aakulu ndithu. Fungo la pamenepo silinali lachilendo kwa ine: nsomba, dizilo, zingwe zonyowa. Amuna anakhala pansi kusoka maukonde, miyendo atatambasula, monga momwe zimakhalira pa gombe lililonse kwathu. Chodabwitsa chinali chiyankhulo, chifukwa wina amafuula m'Chitaliyana, mnzake n'kumuyankha m'Chiarabu, ndipo ntchito imayenda.

Munthu ukaima pa gombe la Mazara n'kuyang'ana kum'mwera chakumadzulo, Africa ali pa mtunda wa makilomita ngati 200 basi. Mzindawu uli pafupi ndi Tunis kusiyana ndi Rome, likulu la dziko lake lomwe. Mbiri yake yonse yagona pa kuyandikana kumeneku.

M'mwezi wa Juni chaka cha 827, zombo zochokera ku Sousse ku Tunisia zinakocheza pa Mazara. Mtsogoleri wa ulendowo anali Qadhi Asad ibn al-Furat, woweruza wa ku Kairouan, nkhalamba imene inaphunzira kwa Imam Malik ku Madina. Tinene chilungamo, umenewu unali ulendo wa nkhondo, ndipo mwini wakeyo anamwalira chaka chotsatira atazinga mzinda wa Syracuse. Kuyambira pamenepo Asilamu analamulira Mazara zaka zoposa 200, mpaka chaka cha 1072 pamene ankhondo achikhristu otchedwa Normans anaulanda. Asilamu anatsalabe pa chilumbacho pansi pa mafumu atsopanowo, ndipo katswiri wa mapu al-Idrisi, amene anamaliza buku lake mu 1154 akutumikira Mfumu Roger II, anatamanda Mazara chifukwa cha misika ndi nyumba zake. Koma m'zaka za m'ma 1200 Mfumu Frederick II inasamutsa Asilamu otsalawo kuwapititsa ku Lucera, kumtunda kwa Italy, ndipo adhana inazilala pa Sicily kwa zaka mazanamazana.

Amene munaphunzirapo hadith mwina munamvapo za Imam al-Mazari, amene analemba ndemanga yotchuka pa Sahih Muslim. Dzina lakelo likuchokera ku mzinda womwewu. Iye anakhala ndi kuphunzitsa ku Mahdia, ndipo anamwalira mu 1141. Tsono taonani m'mene Allah amayendetsera zinthu: patapita zaka zoposa 800, asodzi ambiri amene anawoloka nyanja kukafuna ntchito ku Mazara anachokera ku Mahdia komweko.

Ndiponso si Aarabu okha amene awolokapo nyanja imeneyi pothawa umphawi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu osauka a ku Sicily ndi amene ankakwera timaboti kupita ku Tunisia kukasodza, kukamanga nyumba ndi kukalima mphesa. M'zaka za m'ma 1920 anthu a ku Italy okhala ku Tunisia anali pafupifupi 90,000, ndipo pa La Goulette pamene tinakwerera sitima pali dera lotchedwabe Sicily Wamng'ono. Ambiri anabwerera kwawo Tunisia atalandira ufulu mu 1956. Patangopita zaka zochepa, chakumapeto kwa m'ma 1960, mphepo inatembenuka. Anyamata a ku Sicily anali kupita ku mafakitale a kumpoto kwa Italy ndi ku Germany, eni maboti anasowa antchito, ndipo Atunisia anayamba kubwera. Nthawi imeneyo panalibe za visa. Lamulo loti Mtunisia akhale ndi visa polowa m'Italy linadza mu 1990.

M'makwalala a Kasbah

Makolo a mnzangayo amakhala m'dera lakale la mzinda limene anthu amalitcha Kasbah. Njira zake n'zopapatiza ndi zokhotakhota, zina zoti anthu awiri sangayende mogundizana mapewa, ndipo kamangidwe kameneka ndi kotsala kuchokera nthawi ya Asilamu akale aja. Zivomezi za mu 1968 ndi 1981 zitagwedeza dera limeneli, eni nyumba ambiri anasamukira ku nyumba zatsopano kunja kwa mzinda, ndipo nyumba zakalezo, zong'aluka ndi zachinyezi, anazichititsa lendi kwa alendo. Motero adzukulu a anthu a ku Mahdia anapezeka akukhala m'makwalala amene anayalidwa ndi anthu a chiyankhulo chawo zaka 1,000 zapitazo. Masiku ano makoma ambiri anawakongoletsa ndi matailosi ojambulidwa, ndipo anthu okaona malo amadutsa ndi makamera, kujambula zitseko za anthu amene akuvutika kulipira magetsi.

Bambo a mnyumbamo, amene anafika mu 1979 ali mnyamata, anandilandira ngati mwana wawo. Mayi anatiphikira couscous, chakudya cha ufa wa tirigu wopota timibulu ngati mapira, chophika ndi nthunzi, ndipo ndiwo zake zinali nsomba. Ndinaganiza kuti n'chakudya cha Aarabu okha, koma mawa lake ndinachipezanso m'malesitilanti a eni dziko, amene amachitcha chakudya cha makolo awo. M'mawa uliwonse mayiwo amatsika kukagula buledi ndi masamba, ndipo pobwerera amaima pakhomo pa gogo wina wachikhristu amene ana ake onse ali ku Milan, kumufunsa ngati wadzuka bwino ndiponso ngati wamwa mankhwala. Gogoyo ndi amene ankawalerera ana pamene bambo ali panyanja.

Mzikiti wa m'deralo ndi chipinda chapansi cha nyumba wamba, wopanda nsanja. Tsiku la Jumu'a unadzaza mpaka pakhomo: Atunisia, anthu a ku Morocco, a ku Senegal, a ku Bangladesh. Ambiri amapemphera motsatira Imam Malik, ndipo ena manja amawasiya m'mbali osapinda pachifuwa, koma palibe amene anayang'ana mnzake ndi diso lachilendo. Titatuluka, mabelu a tchalitchi anali kulira chapafupi pomwepo.

Sindinganame kuti zonse n'zosalala. Pamwamba pa khomo la tchalitchi chachikulu cha mzindawo pali chosema cha mtsogoleri wa Normans, Roger, ali pa kavalo amene akuponda Msilamu wogonjetsedwa. Nditachiona mtima unandipweteka. Ndinafunsa bambo aja ngati sichiwavuta kudutsa pamenepo tsiku ndi tsiku.

"Mwana wanga," anatero, "mwala umenewo sunandimanepo ntchito ndipo sunandipatsepo. Amene ndimawayang'ana ndi anthu amoyo. Alipo amene mpaka lero sandipatsa moni. Aliponso masisitere amene anaphunzitsa ana anga kuwerenga masana aliwonse, osawauza n'kamodzi komwe kuti asiye chipembedzo chawo."

Anthu a mitundu iwiriyi amalemekezana, amagulitsana malonda, amapita kumaliro a anzawo. Koma madzulo pa bwalo la mzinda ndinaona kuti aliyense amakhala ndi a mtundu wake, ndipo kukwatirana n'kosowa. Amakhala moyandikana mwamtendere, koma mpanda ulipo.

Ntchito ya panyanja

Chuma cha Mazara chili pa kachilombo kofiira ka m'nyanja, ka mtundu wa nkhanu koma kakatali ngati chala, kamene eni ake amati gambero rosso. Kamakhala pansi penipeni, pakuya mamita 500 mpaka 700, kuya kofanana ndi malo ozama kwambiri a nyanja yathu cha kumpoto. Boti likanyamuka limatha mwezi wathunthu kapena kuposerapo lisanabwerere. Khoka limakokedwa usana ndi usiku, ndipo likatuluka asodzi amasankha, kulongedza m'mabokosi ndi kuumitsa ndi chisanu m'boti momwemo. Tulo n'ta maola awiri kapena atatu. Malipiro amadalira zimene mwapha: akachotsa za mafuta ndi chakudya, zotsalazo amagawana mwini boti ndi antchito, monga amachitira alovi kwathu kuno. Bambo aja anandionetsa manja awo. Zala sizitambasukanso bwino chifukwa cha madzi ozizira a zaka 40.

Kale maboti a pa Mazara anali mazanamazana, koma lero atsala ochepa. Mafuta anakwera mtengo, nsomba zinachepa, ndipo eni maboti ena analandira ndalama za boma kuti aphwasule maboti awo. Vuto lina ndi malire a panyanja. Mu 2005 dziko la Libya linalengeza kuti madzi ofika mamailosi 74 kuchokera pa gombe lake ndi malo ake osodzamo, ndipo m'madzi amenewo ndi momwe muli gambero wochuluka. Pa 1 Sepitembala 2020 asilikali a kum'mawa kwa Libya anagwira maboti awiri a ku Mazara, Antartide ndi Medinea, ndi kutsekera asodzi 18 ku Benghazi. Mwa iwo 8 anali a ku Italy, 6 a ku Tunisia, 2 a ku Indonesia ndi 2 a ku Senegal. Anakhala m'ndende masiku 108. Akazi ndi amayi awo anakagona panja pa nyumba ya malamulo ku Rome kupempha boma kuti lichitepo kanthu, ndipo anthuwo anamasulidwa pa 17 Disembala, nduna yaikulu ya nthawiyo Giuseppe Conte itapita ku Benghazi. Mayi a mnyumba muja anandiuza kuti pa miyezi imeneyo mpanda uja unagwa: wamtanda pakhosi ndi wampango kumutu ankalira misozi imodzi.

Ana a pakati pa magombe awiri

Nkhani imene inandikhudza koposa, monga mphunzitsi, ndi ya ana. Mu 1981 boma la Tunisia linatsegula sukulu ya pulayimale m'Mazara momwemo, yophunzitsa m'Chiarabu ndi Chifalansa motsatira maphunziro a kwawo. Maganizo ake anali abwino: popeza mabanjawa abwerera posachedwa, ana asadzakhale alendo kwawo. Koma mabanja sanabwerere. Mwana akamaliza sukulu imeneyi makolo amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba, kumutumiza kwa agogo ku Tunisia, kuti akule kutali ndi mayi ake. Yachiwiri, kumulowetsa sukulu ya boma la Italy, kumene amakapezeka wotsalira chifukwa sanaphunzire kulemba Chitaliyana, ndipo ambiri ankasiyira panjira.

Banja limene linandisunga linayesa njira zonse ziwiri. Mnzanga uja anatumizidwa ku Mahdia, ndipo lero ndi mphunzitsi wa Chiarabu, koma m'nyumba imene anabadwiramo amakhala ngati mlendo wolemekezeka. Mlongo wake wamng'ono analowa sukulu ya Chitaliyana kuyambira kalasi yoyamba, ndipo tsopano ndi namwino ku Bologna. Amasala Ramadhani, amaswali, koma kalata ya Chiarabu sangawerenge bwino, ndipo akapita ku Mahdia anthu amamutcha Mtaliyana. Ku Italy nako, ngakhale anabadwira komweko, anadikira mpaka atakwanitsa zaka 18 kuti apemphe unzika, chifukwa lamulo la mu 1992 silipereka unzika kwa mwana wa alendo pa kubadwa pokha. Munthu wamkulu wochokera kunja kwa Ulaya amayenera kukhala zaka 10 movomerezeka asanapemphe. Mu Juni 2025 panachitika voti yofuna kuchepetsa zakazo kuti zikhale 5, koma inalephera chifukwa anthu amene anapita kukavota anali ochepa.

Bambo aja anamanga nyumba yosanja ku Mahdia, ya zipinda zokwanira ana onse ndi mabanja awo. Ndalama zonse za zaka 40 zinathera m'menemo. Nyumbayo imatsegulidwa mwezi umodzi pa chaka, nthawi yotentha, pamene sitima za ku Tunis zimadzaza ndi magalimoto osenza katundu padenga. Miyezi 11 yotsalayo imakhala yokhoma. Ndinawafunsa kuti tsopano poti anapuma ntchito akudikira chiyani.

"Dokotala wanga ali kuno, zidzukulu zili kuno, mayi akowa sangasiye ana," anayankha. "Ku Mahdia kuli manda a m'mphepete mwa nyanja kumene kunagona bambo anga. Ndinawauza ana kuti kumeneko ndiye adzandiperekeze. Ndi ulendo wokhawo wobwerera umene ndikuudziwa tsopano."

Anaseka ponena zimenezi, koma mayi anadzuka n'kulowa kukhitchini.

Alendo atsopano

Atunisia akalewa tsopano ali ngati eni mudzi poyerekeza ndi amene akubwera masiku ano. Njira ya panyanja yochokera ku Libya ndi ku Tunisia kupita ku Italy ndi imodzi mwa njira zoopsa kwambiri pa dziko lapansi. Pa 3 Okotobala 2013 boti linamira pafupi ndi kachilumba ka Lampedusa ndipo anthu 368 anafa, ambiri a iwo a ku Eritrea. Mu 2023 mokha anthu oposa 150,000 anafika ku Italy pa maboti, ndipo ena zikwi anamira kapena kusowa. Asodzi a ku Mazara amasodza m'madzi omwewo. Nthawi zambiri akhala akusiya khoka kuti avuule anthu, ngakhale kuti kutero kumawatayitsa masiku a ntchito. Bambo aja anandiuza kuti kangapo khoka linatuluka ndi zinthu zimene sakanafuna kuzinena pa chakudya. Anangoti amawerenga dua, chifukwa sadziwa ngati munthuyo anali ndi womupempherera.

Amene apulumuka nawonso sapeza zimene ankalota. Tsiku lina tinapita ku Campobello di Mazara, mtunda waufupi kuchokera mu mzinda, kumene mwezi umenewo amathyola zipatso za azitona. Othyola ake ambiri ndi anyamata a ku Senegal, Gambia ndi Mali. Amalipidwa potengera mabokosi amene adzaza, ndipo ambiri amagona m'matenti ndi m'zisakasa za mapepala. Mu 2021 moto unabuka pa msasa wina wotero ndi kupha mmodzi wa iwo. Ndinacheza ndi mnyamata wina wa ku Gambia amene anasunga pamtima gawo lalikulu la Qur'an. Anandionetsa chithunzi chimene amatumiza kwawo, ataima pafupi ndi galimoto ya munthu wina atavala jekete yabwino. Anati sangawauze mayi ake zoona, chifukwa anagulitsa munda kuti iye apite. Ndipo mng'ono wake, poona zithunzizo, wayamba kale kusunga ndalama za ulendo.

Pobwerera

Tsiku lonyamuka, mayi aja anandipatsa botolo la mafuta a azitona ndi kundiuza kuti ndikapereke moni kwa mayi anga, ngakhale sanawaonepo. Mnzanga uja anapsompsona mutu wa bambo ake, ndipo tinakwera basi. Njira yonse mpaka ku Palermo sanayankhule.

Pa sitima usiku umenewo ndinakumbukira ana a m'kalasi mwanga kuno kwathu. Pa kaundula wanga alipo ambiri amene bambo awo ali ku Joni, ena mayi omwe, ndipo akulera ndi agogo. Ndinakumbukira nyumba zamalata zokongola za m'midzi yathu, zimene eni ake amazionera pa foni. Onsewo pochoka amati zaka ziwiri zokha.

Kufuna rizq kutali si tchimo, ndipo anthu a ku Mazara adyetsa mabanja ambiri ndi thukuta la halali. Chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti ulendo umatalika mwakachetechete, ndipo mafunso amene munthu sanawayankhe pochoka amadzawayankha ana ake. Choncho ngati m'banja mwanu muli wina amene akumanga katundu, khalani naye pansi asananyamuke. Mufunseni za zitupa zake ndi njira imene adzere. Mugwirizane za amene adzalere ana, chiyankhulo chimene adzaphunzire, ndi amene adzawaphunzitse Swala. Ndipo mumulonjeze kuti zikakavuta akanene zoona, simudzamuseka akabwera chimanjamanja.

Allah asunge apaulendo athu pamtunda ndi panyanja, awachitire chifundo amene anamira opanda wowasambitsa, ndipo akumanitse mabanja amene anasiyana. Ameen.